Kusintha oyilo wa Volkswagen Beetle: oyilo wanji, ndi momwe mungagwirire sefa osaononga injini

Sipatha mwezi osabwera munthu pakhomo panga, kapena kundiimbira foni, ndi funso lomwelomwelo. Wagula Beetle, kapena wasiyiridwa ndi amalume ake itakhala zaka pansi pa mtengo wa mango, ndiye akufuna kudziwa kuti athiremo oyilo wanji, komanso kuti fyuluta yake ili pati popeza wayang'ana injini yonse osaiona. Ndayankha pakamwa kambirimbiri, ndipo pakamwa zina zimaiwalika. Lero ndalemba zonse malo amodzi kuti muwerenge musanagwire sipanala.

Fyuluta simunaipeze chifukwa palibe. Beetle zambiri zimene zili kuno kwathu ndi zopangidwa ku Germany kapena ku Uitenhage ku South Africa, kumene anazipanga kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo injini zake, kaya ndi 1200, 1300, 1500 kapena 1600, zinatuluka kufakitale zili ndi kasefa kawaya basi, pansi penipeni pa injini. Kasefako kamagwira zinyalala zikuluzikulu zokha. Fumbi, mwaye ndi tizitsulo tosalala timangozungulira limodzi ndi oyilo mpaka tsiku limene mudzamukhetse. Chachiwiri, injini imeneyi ilibe madzi. Imazizira ndi mphepo ya fani ndi oyilo yemweyo, amene amadutsa m'kachipangizo koziziritsira kobisika m'bokosi la fani. Chachitatu, oyilo yense ndi malita 2.5 okha. Tangoganizani: oyilo wochepa chotero, wopanda fyuluta, ndiye akusenza ntchito ziwiri pokwera phiri la Zomba kapena chitunda chochokera ku Chikwawa mu Okutobala. Zonse ndikuuzeni m'munsimu zikuchokera pa zinthu zitatu zimenezi.

Ngati muli ndi Kombi ya injini ya 1600, njira yake ndi yomweyi. Kombi za 1700, 1800 ndi 2000 n'zosiyana, zili ndi fyuluta, ndiye musatsate manambala anga. Chimodzimodzi Beetle zomalizira za ku Mexico, kumene anasiya kupanga mu 2003: zimenezo zili ndi fyuluta yopotokola.

OYILO WOTI MUGULE

Pachigubu pamakhala zolemba ziwiri zofunika. Zina zonse ndi zokopa ogula.

Choyamba ndi manambala a SAE, monga 20W-50 kapena 15W-40. Amenewa amanena za kulemera kwa oyilo, kutanthauza kuti ndi wolimba bwanji poyenda. Nambala yoyamba, ya W ija, imanena mmene amayendera kukazizira, monga mmawa wa mu Juni ku Dedza. Yachiwiri imanena mmene amakhalira injini ikatentha. Nambala ikakula, oyilo ndi wolemera. Chigubu cholembedwa SAE 30 kapena SAE 40 popanda W ndi oyilo wa mtundu wakale wa nambala imodzi. Mabuku akale a Volkswagen ankatchula SAE 30, ndi SAE 40 kumadera otentha kwambiri, chifukwa nthawi imeneyo oyilo wa manambala awiri anali asanafike pamene wafika lero. Ngati mwazolowera SAE 40 ndipo mumakhala kotentha ngati ku Nsanje kapena ku Salima, simukulakwa. Kungoti mmawa amachedwa kufika kumaberingi, ndipo injini imadyeka kwambiri nthawi yoliza imeneyo.

Ine ndimalangiza chonchi. Injini yoti yayenda kwambiri, imene kanyali ka oyilo kamaphethira ikatentha n'kuima pamaloboti, ipatseni 20W-50. Injini yoti yakonzedwa kumene, maberingi ndi atsopano, 15W-40 ndi wokwanira ndipo mwina ndiye wabwinopo. Oyilo wopepuka wa galimoto zamakono, 0W-20 kapena 5W-30, musiyireni mwini Vitz. Mipata ya m'kati mwa injini ya Beetle ndi yotakasuka, ndipo kutentha kwake kumamusandutsa oyilo ameneyo ngati madzi.

Pali cholakwa china chimene anthu amachita ndi mtima wabwino: kuganiza kuti oyilo akalemera kwambiri ndiye kuti injini yatetezeka, mpaka kuwonjezeramo mankhwala aja onanda ngati uchi. M'injini ya Beetle muli kavalavu kokhala ndi sipuling'i kamene kamasankha njira ya oyilo. Oyilo akakhala wolimba, mphamvu yake imakankha kavalavuko, ndipo oyilo amalambalala choziziritsira chija n'kupita molunjika kumaberingi. Anakakonza dala chotero kuti injini izitentha msanga mmawa. Tsono mukathira oyilo wolemera mopitirira, kavalavu kamayesa kuti injini idakali yozizira pamene yapsa kale. Mwafuna kuteteza, mwawonjezera moto.

Cholemba chachiwiri ndi cha API, zilembo ziwiri zosonyeza mtundu wa injini imene oyiloyo anapangidwira ndi mlingo wa ubwino wake. Zoyamba ndi S ndi za injini za petulo: SL wa 2001, SM wa 2004, SN wa 2010, SP wa 2020. Zoyamba ndi C ndi za dizilo, monga CH-4 ndi CI-4. Apa ndi pamene pamabwera nkhani ya zinki, imene eni galimoto zakale amakangana nayo kwambiri. Mu oyilo amaikamo mankhwala otchedwa ZDDP, okhala ndi zinki ndi fosiforasi, amene amapanga kachikopa kopyapyala pamwamba pa zitsulo zokhuzana mwamphamvu. Mu Beetle, monganso mu Peugeot 504 ndi Nissan 1400, camshaft, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavalavu, imakhula patizitsulo tafulati tokankha mavalavu, popanda kagudumu pakati. Malo amenewo ndi amene amadalira zinki. Koma fosiforasi amaononga chosefera utsi cha m'ekizozi ya galimoto zamakono, ndiye kuyambira nthawi ya SM anamuchepetsa, osapyola magawo 800 pa miliyoni, mu oyilo wopepuka ngati 5W-30 ndi 10W-30. Malire amenewo sanaikidwe pa 20W-50 ndi 15W-40. Ichi ndi chifukwa china chimene ndimakukanizirani oyilo wopepuka. Mukapeza 20W-50 wolembedwa SL kapena SJ, kapena 15W-40 wa mathiraki wolembedwa CI-4/SL, tengani. Zilembo za S zikhalepo ndithu pambali pa za C, zosonyeza kuti amaloledwa m'injini ya petulo. Timabotolo ta zinki wothira padera sindimakonda. Opanga oyilo anayeza kale mankhwala awo kuti agwirizane, ndipo zinki wochuluka mopyola naye amaononga.

Nanga synthetic? Si woipa, ndipo amapirira kutentha kuposa oyilo wamba. Koma popeza fyuluta palibe, naye mudzamukhetsabe pa makilomita omwewo, ndipo pa injini yokalamba amatulukira paliponse pamene labala wauma. Ndalama imeneyo bola muigawe pawiri, musinthe oyilo wamba kawiri.

Kogula n'kofunika kuposa dzina la pachigubu. Gulani pa filling station kapena m'sitolo yodziwika, chigubu chomata, chotsekera chake chosathyoka. Oyilo woyezera m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu simungadziwe kuti wachokera mu chiyani, ndipo injini ya malita 2.5 ilibe pobisalira. Tengani malita 5: mugwiritsa 2.5, wina apita m'chosefera mpweya, wotsalayo muziyenda naye m'galimoto.

Musinthe liti? Buku limati makilomita 5,000 aliwonse. Kwa amene amayenda misewu yafumbi, ine ndimati 3,000. Galimoto yongotuluka Lamlungu, musinthebe kawiri pachaka, mvula isanayambe ndi ikatha, chifukwa oyilo wokhala amasonkhanitsa chinyezi ndi asidi ngakhale mita isakuyenda.

ZOTI MUSONKHANITSE MUSANAYAMBE

Sipanala ya 10, makamaka ya soketi yokhala ndi chogwirira chachifupi. Sipanala ya 21 ya bawuti yokhetsera oyilo, yapakati pa mbale ya pansi pa injini. Beseni lakale lotakasuka, losachepera malita 4, chifukwa oyilo wa Beetle satsika ndi njira imodzi. Faneli, nsanza zosathothoka ulusi, palafini pang'ono, mswachi wakale, ndi kamaginito, ngakhale kochotsa m'sipika yakufa. Koposa zonse, paketi ya magasiketi: muli magasiketi awiri apepala, mawashala 6 aang'ono amkuwa ndi imodzi yaikulu. Musamasule nati ngakhale imodzi paketi imeneyi isanafike m'manja mwanu. Ndi yotchipa koma kuno imasowa, ndiye ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg, muuzeni atumize mapaketi angapo nthawi imodzi. Ndi opepuka ngati kalata.

NTCHITO YAKE

1. Ngati mukufunanso kuchuna mavalavu, yambani ndi iwo injini ili yozizira, itagona usiku wonse. Mpata wake ndi mamilimita 0.15, ndipo eni Beetle ambiri amaupima nthawi iliyonse yosintha oyilo. Mavalavu amafuna injini yozizira, oyilo amafuna yofunda, ndiye musasinthanitse dongosolo.

2. Yendetsani galimoto mphindi 10 kapena 15. Kungoiliza pakhomo sikokwanira. Oyilo wofunda amatsika msanga ndipo amanyamula zinyalala zimene zikanatsalira pansi. Mukabwerako dikirani pang'ono, kuti ekizozi isakuotcheni mkono.

3. Imikani pamalo osatsetsereka, kokani handibuleki, ikani m'giya, pinganitsani miyala kumatayala akutsogolo. Beetle zambiri mungafikire sefa mutangogona pamphasa kumbuyo kwake osainyamula n'komwe. Ngati mukufuna mpata, kwezani matayala onse pamatabwa okhuthala kuti ikhale yolingana. Musalowe pansi pa galimoto yotsamira jeke yokha, ndipo njerwa zowotcha musazikhulupirire; zimaphwanyika mosachenjeza. Malo olowetsa jeke a Beetle yakale nthawi zambiri amakhala atadyeka ndi dzimbiri m'kati, kunja kukuoneka bwino.

4. Musanakhetse, zulani dipstick, kachitsulo koyezera kaja, muone ndi kununkhiza. Ngati oyilo wakwera kupyola mzere wapamwamba inu musanawonjezere, ndipo akununkha petulo, pali vuto lina loti likonzedwe kaye. Kawirikawiri imakhala pampu ya petulo: labala wake wam'kati akang'ambika, petulo amatsikira m'injini momwemo. Nthawi zina ndi kabureta imene ikusefukira. Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene anayamba kupanga ku Dwangwa, ndipo labala wakale sagwirizana naye kwenikweni. Mukathira oyilo watsopano osakonza pampuyo, pakangotha sabata akhala atasungunuka ngati woyambayo. Tsegulaninso chotsekera pothirira oyilo. Mukapeza zoyera ngati chambiko, pa Beetle musadzidzimuke: mulibe madzi oti angalowe, chimenecho ndi chinyezi cha maulendo aafupi. Pa galimoto yamadzi ngati 504 kapena Nissan 1400, chizindikiro chomwecho chingatanthauze gasiketi ya hedi, ndipo mufufuze.

5. Pukutani pansi pa injini. Mudzaona mbale yachitsulo yozungulira, yaikulu ngati sosala, yomangidwa ndi manati 6 m'mbali. Tsukani matope ndi mchenga wozungulira mbaleyo musanatsegule, kuti zisagwere m'kati.

6. Khetsani oyilo. Ngati mbale ili ndi bawuti pakati, masulani imeneyo ndi sipanala ya 21, mutulutse ndi zala pomalizira. Zina za m'zaka za m'ma 1970 zilibe bawutiyo. Pamenepo masulani manati onse pang'ono, kenaka chotsani asanu n'kusiya imodzi, mupendeketse mbale ndi sikuludiraiva mofatsa kuti oyilo atsikire mbali imodzi. Pindani malaya mpaka m'chigongono. Musiyeni akhe mpaka azingodontha patalipatali.

7. Apa ndi pamene ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene pagona ntchito yonse. Anthu amati akakhetsa pabawuti yapakati n'kubwezeretsa, basi asintha oyilo. Ayi. Bawutiyo imasiya masese onse atakhazikika pambale ndi m'sefa, ndipo oyilo watsopano akangofunda amawanyamulanso. Chotsani manati onse 6, muwaike m'kachitini pamodzi ndi mawashala ake. Tsitsani mbale. Pamwamba pake pali gasiketi, kenaka sefa yooneka ngati kachipewa kawaya, kenaka gasiketi ina yomatirira ku injini. Sefa imavala paipi imene imayamwa oyilo, ndiye ikokeni molunjika pansi, osaipotoza ndi mphamvu.

Musathamangire kutsuka. Tulukani nazo padzuwa, mbale m'dzanja limodzi, muziyang'ane bwinobwino, chifukwa apa injini ikukuuzani za m'kati mwake zimene simungazione mwanjira ina. Phala lakuda kapena lotuwa, losalala mukalifikisa pakati pa zala, ndi la masiku onse. Yendetsani maginito m'phalamo. Ikatuluka ndi kaubweya kotuwa pang'ono, palibe chodetsa nkhawa. Ikatuluka ndi tizitsulo tolasa chala, ngati mamba a usipa, ndiye kuti camshaft kapena tokankha mavalavu tikudyeka. Tonyezimira tokana maginito, toyera kapena tamtundu wa mkuwa, timachokera kumaberingi, ndipo injini yotero musapite nayo ulendo wautali musanaonetse kwa makanika wodziwa Beetle. Ndimasunga kapepala koyera n'kupakapo phalalo pang'ono, kulemba deti, kuti ulendo wotsatira ndiyerekeze ngati zikuchuluka.

Tsiku lina ndinatsegula Beetle ya mnzanga imene inali itangochokera kugalaja ina m'tauni. Kanyali ka oyilo kankayaka ikangotentha, ndipo iye anali atayamba kale kufunsa mtengo wa maberingi. Nditatsitsa sefa ndinapeza yatsekeka ndi tizingwe tofiira ta silikoni, tolendewera ngati nyongolotsi, tina titalowa m'maso mwa waya. Anyamata a kugalajako analibe gasiketi, ndiye anapaka silikoni mbali zonse, ndipo pomanga manati yotsalayo inafinyikira m'kati. Tinatsuka, tinaika magasiketi apepala, kanyali kanazima. Akanayenda nayo mwezi wina, injini ikanagogoda. Pambale imeneyi silikoni asafikepo.

Tsopano tsukani sefa ndi mbale m'palafini ndi mswachi uja, mpaka kuwala kuzioneka pawaya ponse. Waya akang'ambika, sefa yatha, pezani ina. Palani gasiketi yakale ku injini ndi kapulasitiki kapena kathabwa, osati mpeni. Thupi la injini ya Beetle ndi la chitsulo chofewa chosakaniza ndi magnesium, ndipo mpeni umasiya mikwingwirima imene idzadontha mpaka kalekale. Lowetsani chala chokulunga nsanza pabowo, muchotse matope amene mungawafikire. Zoti muthire palafini kapena dizilo m'injini n'kuiliza kuti itsukike, iwalani. Zimasungunula zinyalala za zaka zambiri nthawi imodzi n'kuzitumiza kumaberingi opanda chitetezo. Injini yoti yakhala nthawi yaitali, kapena yoti mwapeza matope ochuluka, ithireni oyilo watsopano, muyende makilomita 500, musinthenso ndi kutsukanso sefa. Muchite chotero mpaka mbale iyambe kutuluka yoyera.

Ikani mbale pagalasi kapena pachitsulo chosalala muone ngati ikugona bwino. Kawirikawiri m'mbali mwa mabowo 6 aja mumakhala mutatukuka chifukwa cha anthu amene ankamanga mopyola. Igonekeni pachitsulo chafulati, mugogode pang'onopang'ono ndi kahamala mpaka ilingane. Mbale yopindika imadontha ngakhale gasiketi ikhale yatsopano.

8. Kubwezeretsa. Dongosolo lake kuchokera ku injini kutsika pansi ndi ili: gasiketi, sefa, gasiketi, mbale, mawashala amkuwa, manati. Pakani oyilo pang'ono pamagasiketi ndi chala. Onetsetsani kuti paipi yoyamwa ija yalowa pakati pa sefa, ndipo sefa yafika yokha popanda kuikakamiza.

Manati amenewa ndi otseka kumutu ngati kachipewa, ndipo si zokongoletsa. Amamangidwa patimabawuti topanda mutu totuluka m'thupi la injini, timene amakanika amati masitadi, ndipo oyilo amatsetsereka m'mazinga ake. Chipewa cha nati ndi washala yamkuwa ndi zimene zimamutsekereza. Mukaika nati wamba yobowoka, padzadontha. Mukabwezera washala yakale yophwatalala, padzadonthanso, ndipo dzanja lidzafuna kumangitsa. Apo ndi pamene masitadi amazukira.

Mphamvu yomangira manatiwa ndi 7 Nm basi. Ndi yochepa kwambiri, yosachedwa kupyola. Ngati mulibe torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira m'ma Nm, chitani chonchi: mangani onse ndi zala mpaka afike, kenaka gwirani sipanala pafupi ndi mutu wake, ndi zala zitatu, osati chikhatho chonse kumapeto. Mangani modumphadumpha, iyi kenaka yoyang'anizana nayo, monga mumachitira ndi manati a tayala, ndipo muzungulire kawiri kapena katatu, pang'onopang'ono. Mudzamva washala ikufinyika mofewa, kenaka n'kulimba. Ikalimba, siyani pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinaphunzira ndi Beetle yanga yoyamba: ndinafuna kuletsa kadontho, ndinawonjezera theka la mzungulo, ndipo nati inangopepuka m'dzanja mwadzidzidzi. Sitadi inatuluka itavala mazinga otuwa a injini ngati kasipuling'i. Galimoto inakhala masabata awiri.

Sitadi ikatuluka pamodzi ndi nati pomasula, koma mazinga a m'injini ali bwino, si vuto lalikulu. Ilekanitseni ndi natiyo, itsukeni, mangani manati awiri wamba mothinana kumapeto kwake kuti mupeze pogwira, ipakeni mankhwala omatira mazinga, muibwezere, kenaka muchotse manati awiriwo. Ngati mazinga a m'injini adyeka, musakakamizemo bawuti yaikulu yamtundu uliwonse. Pali masitadi opangidwira zimenezi, onenepa mbali yolowa m'injini, kapena wodziwa ntchito aikemo mazinga atsopano awaya.

Paketi ya magasiketi ikasowa ndithu ndipo galimoto iyenera kuyenda, gulani pepala la gasiketi m'sitolo ya zipangizo, mujambule ndi sefa yomweyo, mudule awiri. Katoni ya sopo ayi. Mawashala akale amkuwa mungawafewetsenso: alowetseni pawaya, muwaotche pambaula mpaka afiire, muwaviike m'madzi, kenaka muwakhule pasandipepa yosalala. Zimagwira ulendo umodzi kapena iwiri.

Bawuti yapakati imangeni ndi washala yake yatsopano, 35 Nm. Imeneyi imafuna dzanja lonse, koma osaponda ndi phazi.

9. Thirani oyilo, malita 2.5. Yambani ndi 2, dikirani atsike, yezani, kenaka muwonjezere mpaka afike pamzere wapamwamba. Pakati pa mizere iwiri ya dipstick pamalowa oyilo wopitirira lita imodzi, pafupifupi theka la oyilo yense, ndiye Beetle imene ili pamzere wapansi yatsala ndi wochepa zedi woti aiziziritse. Kudzazitsa nakonso n'kolakwa: oyilo amachita thovu, amatulukira kupule yozunguza lamba wa fani ndi kupaipi yopumira, n'kudetsa injini yonse.

10. Musatseke chitseko cha injini musanaone chosefera mpweya. Beetle zambiri zakale zili ndi chosefera cha oyilo, chitini chakuda chokhala pamwamba pa kabureta. Mpweya ukamalowa umakhota pamwamba pa dziwe la oyilo, fumbi n'kumira momwemo. Kwa ife a misewu yafumbi, chitini chimenechi ndiye mlonda wa mapisitoni, koma ndimachipeza chouma pa galimoto zambiri zimene zimabwera kwa ine, pansi pake pali dothi loti mungadzalemo tomato. Chichotseni chili chilili kuti oyilo asatayikire m'kabureta, tsegulani zomangira zake, tayani oyilo wakale, kokotani matope, tsukani ndi palafini, pukutani, muthire oyilo watsopano wa injini mpaka pamzere wolembedwa m'kati. Osapyola mzerewo, kuopa kuti injini ingamuyamwe. M'chilimwe muzichiyang'ana pafupipafupi osadikira tsiku losintha oyilo. Ngati yanu ili ndi chosefera cha pepala, igugudeni fumbi kapena musinthe.

Muli pomwepo, dinani lamba wa fani ndi chala. Lamba ameneyu amazunguza jenereta ndi fani pamodzi. Kanyali kofiira ka jenereta kakayaka muli pamsewu, imani nthawi yomweyo muyang'ane, chifukwa ngati lamba waduka, injini ilibe mphepo, ndipo oyilo ngakhale wabwino chotani sangaipulumutse.

11. Lizani injini osaponda mafuta. Yang'anani kanyali ka oyilo, kobiriwira pa zakale, kofiira pa zina. Kayenera kuzima m'masekondi ochepa. Kakapanda kuzima, zimitsani injini msanga, muyambe kufufuza kusefa ndi paipi yake. Kakazima, isiyeni ilire mphindi zingapo, mugwade kumbuyo ndi tochi muone m'mbali mwa mbale. Zimitsani, dikirani mphindi 5, muyezenso.

12. Yendani ulendo waufupi, ndipo mukabwerako yalani katoni yoyera pansi pa injini igone usiku. Mmawa mudzaona pamene padontha. Magasiketi apepala amaphwa pang'ono akatentha koyamba, ndiye gwiraninso manati aja ndi zala zitatu zomwe zija, kungoyesa ngati pali yomasuka. Dontho likakhala kutsogolo kwa mbale, pamene injini ikumana ndi giyabokosi, kapena m'mbali pansi pa mapaipi a mavalavu, mbale ilibe mlandu, ndipo kumangitsa manati ake sikungathandize.

13. Oyilo wakale muthireni m'chigubu chotseka. Ndikudziwa kuti kwathu kuno amapakidwa pamitengo ya denga ndi ya khola kuopa chiswe, ena amathira m'chimbudzi, ena mpaka amapaka galu wa mphere. Oyilo wotuluka m'injini ali ndi zitsulo ndi zotsalira za petulo zimene zimaononga khungu, ndipo kumukhudza kawirikawiri kumatha kuyambitsa khansa ya pakhungu. Pachiweto ndi pamunthu asafike. Musamutaye m'ngalande, kudambo kapena pafupi ndi chitsime, chifukwa pang'ono pokha amaipitsa madzi ochuluka. Funsani kugalaja kapena pa filling station yapafupi ngati amasonkhanitsa, ndipo pamene mukudikira, chigubucho chikhale patali ndi ana. Sambani m'manja ndi sopo, osati petulo.

14. Lembani m'kabuku kokhala m'galimoto: deti, makilomita, oyilo amene mwathira, ndi zimene munapeza pambale. Mamita a Beetle zambiri anafa kalekale. Ngati yanunso ndi yotero, werengani miyezi, ndipo muziyeza oyilo nthawi iliyonse mukaima kuthira petulo, injini itapuma mphindi zingapo, galimoto ili pamalo olingana.